Mowa, Zaka 18 ndi Mlandu Woononga Katundu

Malamulo a dziko la Malawi amalekanitsa zinthu ziwiri zimene anthu ambiri amaziphatikiza akamakamba za achinyamata ndi mowa. Pali mlandu wogulitsa kapena kupereka mowa kwa munthu amene sanakwanitse zaka 18, umene umagwera wamkulu amene wamupatsa mowawo, ndipo pali mlandu wa zimene wachinyamatayo wachita mowa utamulowa m'mutu, umene amausenza iye mwini. Pa milandu iwiriyi, woyamba sumveka kawirikawiri m'mabwalo a milandu, pamene wachiwiri ndi umene umagoneka anyamata ambiri m'chitokosi m'masiku a Khirisimasi, pa chaka chatsopano ndiponso pa usiku umene ophunzira a Fomu 4 atsiriza mayeso. Chimene chimakafika pamaso pa majisitireti nthawi zambiri ndi galasi la minibasi limene laswedwa, chitseko cha golosale chimene chathyoledwa, kapena denga la udzu limene lapsa, ndipo botolo limene linayambitsa zonsezo limangotchulidwa modutsa.

Lamulo lalikulu loyendetsa malonda a mowa m'dziko muno ndi lotchedwa Liquor Act, ndipo limaletsa wogulitsa kupereka mowa kwa munthu wosakwana zaka 18. Ziphaso zogulitsira mowa zimaperekedwa ndi makhonsolo a m'mizinda ndi m'maboma, amene alinso ndi malamulo awo okhudza malo ndi nthawi zogulitsira. Maganizo amene ali pansi pa lamuloli ndi omveka bwino: mwana sangathe kuyeza kuopsa kwa chimene akugula, choncho udindo umaikidwa pa munthu wamkulu amene akulandira ndalama. Mu 2015 boma linaletsa mowa waukali wa m'masacheti, timapaketi tapulasitiki timene tinali totsika mtengo kwambiri moti mwana wa sukulu amatha kugula ndi ndalama yodyera, n'kubisa m'thumba la yunifomu, ndipo dziko la Zambia linali litachita kale chimodzimodzi mu 2012 poletsa timapaketi timene kumeneko amati tujilijili. Mu 2017 Malawi anakhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza mowa, imene cholinga chake china ndi kuteteza ana. Ngakhale zili choncho, mowa waukali unangosintha chovala n'kulowa m'timabotolo tating'onoting'ono, ndipo kachasu wotchezedwa kuseri kwa nyumba amagulitsidwabe ndi muyezo wa kapu kwa aliyense amene wabwera ndi ndalama, popanda womufunsa zaka zake. Kuyambira mu 2017, pamene anthu a zaka 16 kupita m'tsogolo analembetsedwa kuti alandire chiphaso cha unzika, wogulitsa alibenso chifukwa chokwanira chonenera kuti sanathe kudziwa msinkhu wa wogula, popeza tsiku lobadwa limalembedwa pachiphasopo.

Malire a zaka 18 amenewa ndi amene amagawanso njira ziwiri zimene wachinyamata amadutsa akapalamula. Malamulo aakulu oyendetsera dziko anasinthidwa mu February 2017 kuti mwana akhale munthu aliyense wosakwana zaka 18, pamene kale gawo 23 la malamulowo limati mwana ndi wosakwana zaka 16. Kuwonjezera apo, gawo 14 la buku la milandu ndi zilango lotchedwa Penal Code limanena kuti mwana wosakwana zaka 10 sangazengedwe mlandu uliwonse, ndipo wa zaka zoyambira 10 koma zosakwana 14 angazengedwe pokhapokha ngati pali umboni woti pa nthawi imene amachita chinthucho anali ndi nzeru zodziwira kuti n'cholakwika. Kuyambira zaka 14 mwana amayankha pa zochita zake, koma amayankhira m'bwalo la ana, motsatira lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana, lotchedwa Child Care, Protection and Justice Act. Akangokwanitsa zaka 18 chitetezo chonsechi chimachoka tsiku lomwelo, ngakhale akhale kuti akudyabe nsima ya amayi ake ndipo fizi yake akulipirabe amalume ake.

Kusiyana kumeneku kumaoneka bwino polingalira za anyamata awiri a m'kalasi imodzi, wina wa zaka 17 ndi wina wa zaka 18 ndi miyezi iwiri, amene amwera pamodzi, kenako n'kugenda galimoto imene inaima pafupi ndi malo omwera mowa mpaka galasi lakutsogolo kusweka. Onse awiri agwidwa usiku womwewo, onse avula lamba ndi zingwe za nsapato pakauntala, ndipo maina awo alembedwa m'buku la zochitika la papolisi. Kuchokera pamenepo njira zawo zimasiyana. Wamng'onoyo sayenera kutsekeredwa pamodzi ndi akuluakulu, makolo ake kapena omuyang'anira ayenera kudziwitsidwa msanga, ndipo wogwira ntchito za chisamaliro cha anthu amafufuza za pakhomo pake, za sukulu yake ndi za khalidwe lake nkhani isanapite patali. Ngati wavomera kuti anachitadi zimenezo ndipo mlanduwo si wa m'gulu la milandu ikuluikulu monga kupha kapena kugwiririra, nkhani yake ingathe kupatutsidwa, kutanthauza kuti imachotsedwa m'njira ya milandu n'kuthetsedwa mwa kupepesa, kubweza zimene zaonongeka, kulandira uphungu kapena kukhala pansi pa woyang'anira kwa nthawi yoikika. Ngakhale nkhaniyo ikafike m'bwalo la ana, anthu wamba saloledwa kulowamo, dzina lake silifalitsidwa, ndipo lamulo limapewa ngakhale mawu oti mwana wapezeka wolakwa kapena wagamulidwa chilango, m'malo mwake limati wapezeka kuti ali ndi udindo pa zimene zinachitika. Mwana satumizidwa kundende, ndipo ngati pafunika kumuchotsa pakhomo amapita kumalo osinthira khalidwe monga Mpemba ku Blantyre kapena Chilwa ku Zomba. Mnzake wa zaka 18 uja amaima m'bwalo la majisitireti, pagulu, ndipo amawerengeredwa mlandu ngati munthu wamkulu aliyense.

Chifukwa chake nkhani ya zaka si yoyenera kuitenga mopepuka pa tsiku logwidwa. Achinyamata ambiri, makamaka amene anabadwira kumudzi kulembetsa ana obadwa kusanakhazikike, alibe chikalata chakubadwa, ndipo ena amadziwonjezera zaka pamaso pa apolisi pofuna kuoneka akuluakulu, osadziwa kuti akudzitsekera khomo. Kholo limene lafika papolisi litanyamula buku la kuchipatala la mwanayo, khadi la ubatizo kapena kalata ya kusukulu limakhala litamuthandiza kuposa limene lafika ndi misozi yokha. Pamene zaka zikukayikitsa, bwalo lingathe kupempha wachipatala kuti ayeze msinkhu. Kuti nkhaniyi si yongopeka zinaoneka mu 2018, pamene Bwalo Lalikulu linalamula kuti ana amene amasungidwa kundende za Bvumbwe ndi Kachere achotsedweko, popeza malamulo salola kuti mwana akhale m'ndende.

Mlandu woononga katundu uli m'gawo 344 la Penal Code, limene limanena kuti munthu amene waononga kapena kuphwanya katundu mwadala ndiponso mosaloledwa ndi malamulo angalamulidwe kukhala m'ndende mpaka zaka 5, ngati palibe chilango china chimene chinaikidwa pa mtundu wa katunduyo. Zaka 5 ndi malire a pamwamba, ndipo woweruza amayang'ana mtengo wa zimene zaonongeka, chimene chinayambitsa, msinkhu wa wolakwayo ndiponso ngati wavomera mlandu. Koma zinthu zimasintha kwambiri moto ukalowapo. Kuotcha nyumba mwadala ndi mlandu wa m'gawo 337, ndipo chilango chake chachikulu ndi kukhala m'ndende moyo wonse, popanda kusiyanitsa nyumba ya malata ndi ya udzu. Mnyamata amene wakanizidwa mowa wa ngongole, n'kukwiya, n'kuyatsa machesi patsindwi la shabini, wadumpha kuchoka pa mlandu wa zaka zowerengeka kufika pa umodzi mwa milandu yolemera kwambiri m'bukuli, ngakhale moto utazimitsidwa usanathe nyumba yonse. Palinso milandu ing'onoing'ono imene imayenda limodzi ndi kuledzera, monga kupezeka pagulu ataledzera mosadzithandiza, kuchita zinthu zimene zingasokoneze mtendere, ndi kulimbana ndi wapolisi amene akugwira ntchito yake, ndipo usiku umodzi ungathe kubala milandu itatu kapena inayi pa chikalata chimodzi. Amene wayendetsa galimoto ataledzera n'kugunda mpanda wa munthu amakumananso ndi malamulo a pamsewu, amene angamulanditse laisensi.

Mfundo imene achinyamata ambiri ndi makolo awo amaimvetsa molakwika kwambiri ndi ya mphamvu ya mawu oti munthu anali ataledzera. M'mudzi mawuwa ali ndi malo ake. Munthu akatukwana apongozi ake pamowa, m'mawa mwake matsire ali m'mutu amatuma mbale wake kukapepesa, ndipo akuluakulu amanena kuti unali mowa, nkhani n'kuzizira. Bwalo la milandu siliyenda motero. Gawo 13 la Penal Code limayamba ndi kunena kuti kuledzera si chodzitetezera pa mlandu uliwonse, kenako n'kutsegula timakomo tiwiri topapatiza. Koyamba ndi ka munthu amene analedzeretsedwa iye osafuna, chifukwa cha chiwembu kapena kusasamala kwa munthu wina, monga ngati wina anamuthirira mankhwala m'chakumwa, mpaka kufika posadziwa chimene akuchita kapena kuti n'cholakwika. Kachiwiri ndi ka munthu amene mowa unamusokoneza mutu kufika pa misala, kaya ya kanthawi kapena yokhalitsa, ndipo amene wadutsa pakhomo limeneli sabwerera kunyumba ali mfulu, chifukwa nkhani yake imatsatira malamulo okhudza odwala misala amene apalamula. Gawo lomweli limalolanso woweruza kuganizira za kuledzera pofuna kudziwa ngati munthu analidi ndi cholinga chimene mlanduwo umafuna kuti chikhalepo, ndipo limawerengera chamba ndi mankhwala ena ozunguza bongo m'gulu la kuledzera. Komabe munthu amene anatola mwala, n'kuyang'ana galasi, n'kuponya, amavutika kwambiri kukhutiritsa bwalo kuti analibe cholinga, chifukwa zochita zakezo zimachitira umboni kuti dzanja ndi mutu zinali zikumvana. Lamulo linakhwimitsa pamenepa mwadala, ndipo linachita bwino, pakuti mwini minibasi amene amadyetsa banja lake ndi galimotoyo sataya ndalama zochepa chifukwa choti amene anaswa galasi anali atamwa.

Chinthu china chimene chimadabwitsa achinyamata ndi mlandu wa pagulu. Magawo 21 ndi 22 a Penal Code amanena kuti amene wathandiza, walimbikitsa kapena watuma mnzake kupalamula amatengedwa ngati wapalamula yekha, ndiponso kuti anthu akagwirizana kuchita chinthu chosaloledwa, n'kuchitika mlandu umene unali woyembekezeka pa chinthucho, aliyense wa iwo amayankha mlanduwo. Kungopezeka pamalo pokha si mlandu, koma amene amatolera miyala, amene amaimba nyimbo yolimbikitsa anzake ndi amene amalondera pachipata kuti mlonda asafike sangadziteteze ponena kuti dzanja lawo silinakhudze zenera. Izi zimaoneka kawirikawiri pa ziwawa za m'sukulu zogonera, pamene mkwiyo wa zakudya kapena wa chilango cha mphunzitsi wakumana ndi mowa wolowetsedwa mozemba, ndipo mawa lake sukulu imatsekedwa, ena amachotsedwa, makolo onse amauzidwa kusonkha ndalama zokonzera, ndipo amene atchulidwa maina amatengedwa ndi apolisi. Chilango cha kusukulu ndi mlandu wa kubwalo ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo kulandira chimodzi sikuchotsa chinzake.

Wogwidwa ali ndi ufulu umene kuledzera kwake sikuchotsa. Gawo 42 la malamulo aakulu limati ayenera kuuzidwa chifukwa chimene wagwidwira m'chinenero chimene amamva, ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo ayenera kuonekera kubwalo pasanathe maola 48, kapena pa tsiku loyamba limene bwalo likugwira ntchito ngati maolawo athera pa tsiku lopuma. Mfundo yomalizayi ndi imene imachititsa kuti wogwidwa Lachisanu usiku pa nyengo ya tchuthi agone masiku angapo pasimenti. Belo ya kupolisi ndi yaulere, ndipo ndalama iliyonse imene ingapemphedwe pamenepo popanda risiti ndi chiphuphu. Amene sangakwanitse kulemba loya angapemphe thandizo ku Legal Aid Bureau, ndipo m'mapolisi, m'mabwalo ndi m'ndende zambiri mumapezeka alangizi a zamalamulo a bungwe la PASI amene amafotokozera omangidwa mmene milandu imayendera.

Pa nkhani ya chilango, malamulo a kazengedwe ka milandu ali ndi mtima wofuna kupulumutsa wolakwa koyamba. Gawo 340 la buku la malamulowo limauza bwalo kuti lisatumize kundende munthu amene sanapalamulepo pokhapokha ngati lakhutira kuti palibe njira ina yoyenera, ndipo njira zina zilipo: chindapusa, chilango choimikidwa chimene chimagwira ntchito pokhapokha ngati munthuyo wapalamulanso m'nthawi yoikika, ndi ntchito yothandiza anthu a m'dera, pamene wolakwa amagona kwawo koma amakagwira ntchito yosalipidwa kuchipatala, kusukulu kapena kubwalo la milandu kwa maola amene bwalo lanena. Bwalo lingalamulenso kuti wolakwa alipire mwini katundu, ndipo pa milandu ing'onoing'ono yokhudza anthu awiri lili ndi mphamvu yolimbikitsa kuti agwirizane. Apa ndi pamene mwambo ndi lamulo zimakumana mopindulitsa. Amalume amene apita msanga kwa mwini katundu, n'kuvomera kulakwa kwa mphwawo, n'kugwirizana za mtengo wa galasi ndi tsiku lolipira, amasintha kwambiri mmene nkhani ithere, chifukwa woweruza amamva zonsezo pa nthawi imene wolakwa akupempha kuti chilango chichepe. Koma n'kofunika kudziwa kuti mlandu ukalowa m'buku la apolisi umakhala wa boma, ndipo mwini katundu sangauthetse yekha pongonena kuti wakhululuka. Mgwirizano uyenera kudziwitsidwa kwa woimira boma pa mlanduwo ndi kubwalo, ndipo ndi bwino kuulemba papepala pamaso pa mboni. Mwini katundu amene sanabwezeredwe ali ndi ufulu wokasuma payekha kuti alipidwe, ngakhale wolakwayo atatsiriza kale chilango chake.

Chifukwa chimene oweruza ambiri amazengerezera kutumiza mnyamata wa zaka 19 kundende chifukwa cha zenera n'chodziwika kwa aliyense amene anaonapo mkati mwa ndende za m'dziko muno. Mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, bwalo linagamula kuti kuthithikana kwa akaidi pamodzi ndi kusowa kwa mpweya wabwino m'zipinda kunali kuphwanya ufulu wawo, ndipo vuto la kuchulukana silinatheretu. Wachinyamata amene walowa m'menemo chifukwa cha kuledzera kwa usiku umodzi amagona moyandikana ndi anthu amene kuba ndi ntchito yawo, amataya chaka cha sukulu, ndipo amatuluka atadziwa zinthu zimene sakanazidziwa. Vuto lina limagwera osauka okha: chindapusa chimaperekedwa pamodzi ndi miyezi ya kundende kwa amene walephera kulipira, choncho anyamata awiri olakwa mofanana angathe kusiyana, wina n'kubwerera kwawo madzulo omwewo chifukwa bambo ake anagulitsa mbuzi, wina n'kukwera galimoto ya kundende.

Akuluakulu anati mlandu suola, ndipo m'masiku ano mawuwa ali ndi tanthauzo lenileni la papepala. Munthu wamkulu akapezeka wolakwa, zidindo za zala zake ndi mbiri ya mlandu wake zimasungidwa ndi apolisi, ndipo zimatulukira pamene akufuna kalata yotsimikizira kuti alibe mlandu, imene imafunika polowa ntchito ya upolisi, ya usilikali, ya ulonda ndi zina zambiri, ndiponso popempha chilolezo chokaphunzira, kukagwira ntchito kapena kukakhala kunja, monga ku South Africa kapena ku Britain. Mafomu a maiko amenewa amafunsa ngati munthu anapezekapo wolakwa, ndipo kubisa kumabweretsa vuto lalikulu kuposa mlandu weniweniwo. Wolakwa amene analipira chindapusa chochepa n'kutuluka akumwetulira nthawi zambiri sadziwa kuti kuvomera kuja kwalembedwa, ndipo amadzazindikira patapita zaka 6 kapena 7, ali ndi digiri m'manja. Ichi n'chifukwa china chimene kupatutsa milandu ya ana kulili kwa mtengo wapatali, popeza mwana amene nkhani yake yathera m'njira imeneyi sanyamula dzina la wopezeka wolakwa.

Pa zonsezi, munthu amene kawirikawiri saoneka m'nkhani ndi wogulitsa uja. Pamene mwana wa zaka 16 wagwidwa ataledzera, mlandu wa wamkulu amene anamugulitsa mowa umakhala utachitika kale galasi lisanasweke, ndipo umboni wake ndi mwana yemweyo amene wakhala pabenchi la papolisi. Funso loti mowawo anaugula kuti ndi losavuta kufunsa, ndipo m'dera lililonse yankho lake limadziwika ndi nyakwawa, ndi komiti ya sukulu ndi achitetezo a m'mudzi. N'zoona kuti ambiri mwa otcheza kachasu ndi amayi amene akulera ana ndi ndalama yomweyo, ndipo kulanda mbiya zawo sikuthetsa umphawi umene unawaika pamenepo, koma lamulo la zaka 18 silikuwapempha kusiya malonda chifukwa cha mwanayo, likungowapempha kumubweza. Makolo ndi aphunzitsi amene akudziwa malo amene ana amagulako mowa angathe kukadandaula kupolisi, kapenanso, ngati malowo ali ndi chiphaso, kukhonsolo imene inachipereka, chifukwa chiphasocho chimawonjezeredwa nthawi ndi nthawi ndipo madandaulo olembedwa a anthu oyandikana ndi malowo ndi zina mwa zimene khonsolo ingaganizire isanachiperekenso.